Adani a Lincoln Sanali Kummwera Kokha

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi zigawo za kummwera zomwe zinapatuka m'dzikolo. Ambiri amaikamba ngati kuti anthu onse akumpoto anali ndi mtima umodzi. Ayi ndithu. Pulezidenti Abraham Lincoln, mtsogoleri wa mbali ya kumpoto, ankachitanso mantha ndi anthu a kumbali yake yomwe.

Mu Januwale 1861, nkhondo isanayambe n'komwe, meya wa New York, Fernando Wood, ananena kuti mzindawo ungachite bwino kudziimira pawokha. Chinkamuvuta ndi malonda a thonje lochokera kummwera.

Koma pomwe zinafika povuta ndi ku Maryland, komwe ukapolo unali wololedwa. Pa 19 Epulo 1861 gulu la anthu ku Baltimore, mzinda wa m'chigawochi, linaukira asilikali ochokera ku Massachusetts omwe ankapita kukateteza Washington, ndipo anthu anafa mbali zonse ziwiri. Tangoganizani, Virginia inali itangovomereza zopatuka. Maryland ikanatsatira, likulu la dziko, Washington, lomwe lili pakati pa zigawo ziwirizi, likanazingidwa ndi adani. N'chifukwa chake Lincoln analola asilikali kutsekera anthu popanda kuwatengera kukhoti, ndipo mu Sepitembala aphungu ena a nyumba ya malamulo ya Maryland anamangidwa.

Pamenepo mantha ake ndimawamvetsa. Zomwe sindigwirizana nazo ndi za Clement Vallandigham, wandale wa ku Ohio, amene anamangidwa mu Meyi 1863 chifukwa cholankhula zotsutsa nkhondo, kenako n'kupirikitsidwira kummwera. Munthuyo mfuti analibe, mlandu wake unali pakamwa basi.

Ine wanu,
Wokonda mbiri yakale