Bwana wogulitsa makobidi, 20p yanuyi munachita kupala ndi tupa

Ndalemba ku inbox katatu, mukungowerenga osayankha, ndiye tikambirane pompano pagulu anzanu ogula amve nawo.

Mwezi wathawu ndinagula kwa inu makobidi awiri, ndinalipira £70 kuphatikiza positi mpaka kuno ku Leicester. Yoyamba munati ndi 20p ija yopanda chaka ya 2008. Nkhani yake ndikuidziwa bwinobwino bwana, musandione ngati ndabwera dzulo. Chaka chimenecho Royal Mint, kampani yopanga makobidi a kuno ku UK, inasintha maonekedwe a makobidi, chaka chinachoka kumbuyo komwe kunali duwa lachisoti lija nkupita kumaso kwa Mfumukazi Elizabeth, ndiye ku fakitale kwawo ku Llantrisant anasokoneza zidindo, chakumaso chakale chomwe chinalibe chaka anachiphatikiza ndi chakumbuyo chatsopano cha chishango chomwenso chilibe chaka, basi makobidi kutuluka opanda chaka mbali zonse. Ndi chifukwa chake anthu amaisakasaka.

Koma yomwe mwanditumizirayi ayi ndithu. Ndaiyang'ana ndi kagalasi kokuza zinthu, pamalo pomwe pamakhala chaka pali timizere ting'onoting'ono toyenda mbali imodzi ndipo chitsulo chalowa mkati pang'ono, pakuwala kusiyana ndi pena ponse, ngati pansi pa poto yemwe wakwechedwa ndi mchenga. Yeniyeni imakhala yosalala pamenepo chifukwa chaka sichinadindidwepo nkomwe. Ndaikanso pasikelo yanga ya digito, 20p imalemera magalamu 5, yanuyi ikupelewera. Chitsulocho chinapita kuti?

Yachiwiri ija ndiye mwandiseketsa ngakhale zikuwawa. Munalemba kuti ili ndi mng'alu wa chidindo, eti yosowa kwambiri. Bwana, chidindo chikang'aluka, podinda chitsulo chimathamangira mumng'alumo ndiye pakhobidi pamatuluka kamzere kotukuka, kokhotakhota ngati mtsempha wa padzanja, ukayendetsa chikhadabo chimakwera pamwamba. Apa chikhadabo changa chikugwera m'dzenje, mzerewo ndi wowongoka bwinobwino ndipo m'mbali mwake chitsulo chatundumuka, wadutsa pamwamba pa zilembo nkuziphwanya. Uku ndi kukanda basi, kaya ndi msomali kaya ndi kiyi m'thumba mwa munthu, zinachitika khobidi litatuluka kale ku fakitale. Zoterezi ndikhoza kutola pa chenji ya ku shopu ulele.

Ndipo pano ndamvetsa chifukwa chomwe zithunzi zanu zinali zakutali komanso zamdima, nditapempha chapafupi munati kamera yavuta.

Ine ndalamazi ndimazipeza movutikira, ndi ma shifiti ausiku awa. Makobidi anu onse awiri ali pano mu envulopu yomwe munatumizira, risiti ndasunga, zithunzi ndajambula. Ndibwezereni £70 yanga pofika Lachisanu ndipo positi yobwezera mulipire ndinu, apo ayi ndikukadandaula ku banki yanga ndipo zithunzizo ndiziika pompano.