Kalata yochokera ku Cape Town: njinga, zitunda ndi mphepo

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Dedza. Kuno tilipo, ntchito ikuyenda, kungoti dzuwa la Januwale likuwotcha osati masewera.

Munandifunsa ngati miyendo yanu ingaukwanitse mpikisano wa njinga umene ndimakuuzani uja. Ingaukwanitse, osakayika. Munthu amene amachoka ku Golomoti n'kukwera Khwekhwelere mpaka pa Masasa, thumba la chimanga lili pakaliyala, zitunda za kuno sizingamuopse. Ndi zazifupi, msewu wake ndi wa tala yosalala, ndipo njinga zake ndi zopepuka moti mutha kunyamula ndi dzanja limodzi. Chimene chimaliza anthu kuno ndi mphepo.

Mpikisanowo dzina lake ndi Cape Town Cycle Tour, ngakhale anthu ambiri amangoti Argus, dzina lake lakale. Umachitika mwezi wa Marichi, tsiku la Mulungu, ndipo mtunda wake ndi makilomita 109. Zaka zina okwera amafika 35,000. Akatswiri amamaliza pa maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono, enafe timapatsidwa maola 7. Koma njirayo ilipo chaka chonse, ndipo ine ndimaikonda kwambiri masiku wamba, kopanda khwimbi la anthu.

Mzinda wa Cape Town uli kumpoto kwa kamtunda kakatali kamene kanalowa m'nyanja yamchere, mapiri pakati, madzi uku ndi uku. Njirayo imazungulira kamtundako. Umatsika kumwera kudzera mbali ya kuvuma, ku False Bay, n'kubwerera kumpoto kudzera mbali ya kuzambwe, ku Atlantic. Ena amazungulira mosemphana, koma ine ndimati akudzizunza okha. Kuno galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu komweko, ndiye ukazungulira mmene ndanenamu nyanja imakhala kudzanja lako lamanzere ulendo wonse, palibe galimoto yokutchinga maso. Chifukwa chachikulu n'chakuti mphepo ya nyengo yotentha, imene amaitcha Cape Doctor, imachokera kumwera chakuvuma monga mwera wa pa nyanja yathu. Ukapita kumwera m'mamawa umalimbana nayo miyendo ikadali ndi mphamvu, komanso nthawi zambiri imakhala isanakwiye. Pobwerera, utatopa, ndi yomweyo imakukankha kumsana. Wozungulira mosemphana amapita akuseka, amabwera akutukwana.

Musaiyese mphepo yamasewera. Mu 2017 mpikisano wonse unalephereka m'mawa wa tsiku lomwelo. Anthu anali atafika kale poyambira, koma mphepo inkawagwetsa pamodzi ndi njinga zawo, ena akuchita kukokana nayo njinga ili m'malere. Mu 2015 anaudula kukhala makilomita 47 okha chifukwa cha moto wolusa umene unatentha mapiri a kumwera, ndipo moto wa kuno umayenda ndi mphepo yomweyo.

Chigawo choyamba sindichedwapo. Tsiku la mpikisano amatseka msewu waukulu wa M3 kuti njinga zidutse, koma masiku ena njinga siiloledwa mmenemo, umadzera Main Road, kupikisana ndi maminibasi ndi maloboti osawerengeka. Ulendo weniweni umayambira ku Muizenberg, pamene nyanja imaonekera. Kuchokera apo msewu, njanji ndi madzi zimayendera limodzi kudutsa Kalk Bay, kumene kuli doko la asodzi, kenako Fish Hoek, mpaka Simon's Town kumene kumakhala asilikali a pamadzi. Msewu wa ku Kalk Bay ndi wopanikiza, dutsanipo anthu asanadzuke. Mukangopitirira Simon's Town pali Boulders, pamene pamakhala mbalame zija zosauluka, ma penguin, zoyenda choimirira. Alendo amalipira kuti akazione, koma nthawi zina zimadutsa zokha m'mbali mwa msewu.

Kuchokera pamenepo nyumba zimatha. Kudzanja lamanja phiri, kumanzere phompho ndi mafunde, ndipo msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono kupita ku Smitswinkel. Chitundacho pachokha si kanthu, koma ndi pamene mphepo imakupeza maso ndi maso, wopanda pobisala. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti kutchova njinga m'gulu ndi luso. Mumandondozana, tayala lakutsogolo pafupi ndi tayala la mnzako, wakutsogolo ndiye akung'amba mphepo. Akatopa amapatuka n'kupita kumbuyo, wina n'kulowa m'malo. Amene amangobisala kumbuyo osafuna kutsogolako, anzake amamudziwa msanga ndipo sabata yotsatira samuitana. Anyani nawonso alipo ambiri kumeneko, amakhala pamsewu ngati eni ake. Musatulutse nthochi pamaso pawo, ndipo kuwapatsa chakudya ndi mlandu.

Mukafika pamwamba, pafupi ndi chipata cholowera ku Cape Point, msewu umakhota ndipo zonse zimasintha. Phokoso la m'makutu lija limatha, njinga imayamba kuthamanga yokha, mumatsetsereka mpaka ku Scarborough ndi Misty Cliffs kumene mafunde amawaza nkhungu pamsewu. Madzi a mbali iyi ndi ozizira koopsa ngakhale dzuwa liswe mtengo, chifukwa cha madzi oyenda m'nyanjamo kuchokera kumwera, amene amawatcha Benguela. Tsiku limene mwatopa, pali njira yachidule: kuchokera ku Simon's Town mukwere Red Hill, chitunda chokhotakhota chimene chimadula pakati n'kukutsitsirani kufupi ndi Scarborough komweko. Chimenecho ndiye chingakutulutseniko thukuta.

Pali chigawo china chimene zithunzi za alendo sizionetsa. Mukadutsa Ocean View, msewu wa Kommetjie umadzera pa Masiphumelele, kumene kumakhala anzathu ambiri a kumudzi. M'mamawa mumakumana nawo ali pa njinga zakale, chikwama kumsana, akupita kukagwira ntchito za m'minda ya maluwa ndi zomangamanga ku Noordhoek ndi ku Fish Hoek. Mukapereka moni wa Chichewa, kawirikawiri amayankha. Msewu ndi umodzi, koma wina wakwera njinga ya mtengo woposa galimoto kuti achepetse mimba, wina akupalasa kuti asunge ndalama ya minibasi atumize kumudzi. Chimene chimandiwawa ndi ichi: Bill Mylrea ndi John Stegmann atayambitsa mpikisanowu mu 1978, ndi anthu ongopitirira 500, cholinga chawo chinali kukakamiza akuluakulu kuti amange tinjira ta njinga. Mpikisano unakula n'kutchuka dziko lonse lapansi, koma amene amafunikira tinjirato tsiku ndi tsiku ambiri akupanikizanabe ndi malole. Lamulo lilipo ndithu, la chigawo cha Western Cape la mu 2013, lakuti woyendetsa galimoto asiye mpata wa mita imodzi podutsa wanjinga. Ena amalitsata.

Tsopano Chapman's Peak. Achimwene, ngakhale mutabwera osakwera njinga, msewu uwu mudzauone. Ndi makilomita 9 kuchokera ku Noordhoek kufika ku Hout Bay, makona 114, wosemedwa m'khoma la phiri, nyanja ili pansi penipeni. Anaumanga akaidi kuyambira 1915 mpaka 1922, ndipo ukamadutsa umadzifunsa kuti anthu amenewo ankaponda pati. Mu 2000 unatsekedwa miyala itagumuka n'kupha munthu, n'kudzatsegulidwanso kumapeto kwa 2003. Lero kuli maukonde achitsulo ogwira miyala, ndipo pena msewu umadutsa pansi pa denga la konkire, mbali ya kunyanja ili yotsegula. Ukakhala pa njinga umamva zonse, fungo la mchere, madzi akudontha m'mathanthwe, mafunde akuwomba pansi. Chitundacho chili pawiri. Choyamba n'chaching'ono ndipo chimanamiza alendo, amayesa afika, kenako msewu umatsika pang'ono n'kuyambanso kukwera kwenikweni. Ikani giya yopepuka, musathamangire munthu. Pamwamba pali poimapo, mumaona Hout Bay yense ndi phiri la Sentinel. Potsika gwirani mabuleki onse awiri, chifukwa mphepo imatulukira pakona mosayembekezera n'kukankha tayala lakutsogolo. Nyengo ikaipa amautseka, choncho funsani musananyamuke.

Chotsiriza ndi Suikerbossie, potuluka mu Hout Bay. Mutachipeza m'mawa mungachiseke: msewu wowongoka, makilomita osafika awiri. Koma chimabwera mutapalasa kale makilomita oposa 90, dzuwa lili paliwombo, mthunzi palibe, ndipo pamwamba pake mukupaona koma sipakuyandikira. Apa ndi pamene anthu a njinga zodula amatsika n'kuyamba kukankha, minofu itakokana. Amene anadya ndi kumwa bwino m'njira amadutsa. Mukapitirira apo zatha, mumangotsetsereka kudutsa Llandudno, m'munsi mwa mapiri a Twelve Apostles, Camps Bay, Sea Point, mpaka ku Green Point pafupi ndi bwalo lija la mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010.

Ngati mwatsimikiza zobwera, njinga musavutike nayo, ndikubwerekerani kuno, pamodzi ndi pampu ndi machubu. Helemeti ndi lamulo, popanda iyo sakulolani kuyamba. Malo amalembetsa pa intaneti nthawi ikadalipo, ndiye ndiuzeni msanga. Mudzafike kukadali sabata ziwiri kuti muzolowere magiya ndi chishalo chake chowonda, chimene poyamba chimapweteka kuposa chitunda chilichonse. Ndipo simudzayenda nokha, makamaka mbandakucha, chifukwa olanda njinga aliko m'malo ena.

Pasipoti yanu muione ngati sinathe. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amayi ndi onse kumudzi.

Ine mnzanu,
wa ku Cape Town