Kalata kwa Mkulu wa National Archives ku Zomba: chiswe chikutha mayina a makolo athu

Olemekezeka,

Ndatha zaka ziwiri ndikufunafuna munthu mmodzi, amalume awo a mayi anga, amene anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, osabwereranso. Kwathu timangoti anatchona. Agogo, mlongo wawo, anamwalira akuwatchulabe, ndipo chomwe anatisiyira ndi chithunzi cha mnyamata wovala chipewa cha kumgodi. Kuseri kwake kulibe dzina, kulibe chaka.

Ndinayambira pa foni ngati aliyense wa masiku ano. Ndinalemba dzina lawo pa masamba a pa intaneti ofufuzira mbiri za mabanja, koma sindinapeze kanthu. Chifukwa chake inu mukuchidziwa kuposa ine. Lamulo la 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza azungu ndi amwenye, wakuda ayi, ndipo kulembetsa mwana aliyense kunakhala kokakamiza pamene lamulo la 2010 linayamba kugwira ntchito mu 2015. Onjezanipo moto wa 1919 umene unapsereza mapepala a likulu la boma ku Zomba, nyumba yanu isanakhazikitsidwe mu 1947. Mmalawi wamba wobadwa nthawi ya atsamunda, boma linkamulemba makamaka likamufuna: pa msonkho, pa usilikali, pa chitupa chopitira kunja, pa mlandu.

Amene ankalemba anthu mwakhama anali a mpingo. Ndinapita ku tchalitchi china cha kumudzi kwathu, kumene mlembi, bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi, anatsegula bokosi la chitsulo n'kutulutsa buku la ubatizo lokulunga m'chitenje. Atalitambasula, fumbi lofiira linagwera pa benchi. Chiswe chinali chitaboola kuchokera kuchikuto, n'kudya mbali ya kumanzere kumene kunkalembedwa mayina. Mbali ya kumanja inatsala bwinobwino: mudzi, dzina la mfumu, tsiku la ubatizo. Pa mzere wina, moyang'anizana ndi mudzi wathu, munthu anawonjezera ndi pensulo kuti "anapita ku Joni". Dzina la wopitayo lili m'mimba mwa chiswe. Ndinakhala chete kanthawi, mlembi uja n'kunena kuti, "Pepani bambo, ifenso tinalipeza chonchi."

Sindikuwadzudzula a mpingowo, chifukwa denga lenilenilo likudontha. Pempho langa ndi lakuti inu, amene muli ndi luso losunga mapepala, mutuluke mu Zomba n'kuwatsata mabukuwa komwe ali. Njira yake munaiyenda kale pamene, mothandizidwa ndi British Library, munasonkhanitsa ndi kujambula mabuku akale a mafumu a ndodo. Chitaninso chimodzimodzi ndi mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a sukulu za mishoni. Blantyre Mission inayamba mu 1876, Mvera mu 1889, Mua mu 1902, ndipo mishoni iliyonse inabala matchalitchi a kumidzi amene ankasunga mabuku awoawo. Musawalande mabukuwo, poti ndi chuma chawo ndipo sangalole. Kamera, munthu wodziwa kutembenuza pepala lofumbwa, ndi chilolezo cha sinodi kapena dayosizi, basi.

Koma kujambula kokha sikungatipezere munthu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Amalume amene ndikuwafunawa anali ndi mayina osachepera atatu. La kubadwa ankalidziwa agogo okha. La ubatizo linali la m'Baibulo. Kusukulu analembetsa dzina la amalume awo m'malo mwa la bambo, monga mmene zinkakhalira kwathu kumene mwana ndi wa mbumba ya mayi. Mkulu wina amene anagwirako ntchito kumigodi anandiseka n'kundiuza kuti ambiri ankapita ndi chitupa cha mnzawo, ena n'kupatsidwa dzina ndi kalaliki amene lilime lake linkakana kutchula lathu. Ndiye mukamakonza ndandanda wa mayina, musatengere wa ku Ulaya wodalira dzina la bambo. Munthu azitha kufufuza ndi mudzi, ndi mfumu, ndi mfunda. Wina akalemba Phiri, makina amubweretserenso Piri, akalemba Ntcheu amubweretsere Ncheu, akalemba Chipata adziwe kuti ndi Fort Jameson. Mudzi ndi mfumu ndi zimene munthu sankasintha kawirikawiri, chifukwa ndalama zake zinkayenera kufika kwawo.

Za kunja nazo zikudikira kalata yochokera ku ofesi ngati yanu. Mapepala a Wenela, amene pambuyo pake inatchedwa TEBA, akusungidwa ku University of Johannesburg. Amalawi zikwizikwi anadutsa m'manja mwa bungwe limenelo, ndipo mu 1974 ndege yake inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo kwa zaka zingapo. Ine ndekha ndikalemba kalata kumeneko ndine munthu wamba. Mukalemba inu kupempha makope a zokhudza Amalawi, ndi dziko lalankhula. Zidzukulu za machona a ku Halale ndi ku migodi ya ku Zambia, zimene lero zimafunsa pa Facebook kuti mudzi wa agogo awo uli kuti, zingapindule nazo mofanana.

Chinanso chaching'ono: kapepala ka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kopezeka ku maofesi a DC, kouza munthu poyambira. Kanene kuti asanakwere minibasi ayambe wakhala pansi ndi azakhali kapena mwini mbumba, alembe mfunda, mudzi wakale, mpingo ndi chaka cha njala kapena cha dzombe chimene akuluakulu amawerengera. Kanenenso kuti wofuna msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda) akawerenge mayina pa chipilala cha ku Zomba, ndi kuti ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi.

Mlembi uja anandiuza kuti m'bokosi muja mwatsala mabuku ena anayi, ndipo awiri sanawatsegule chimwalirireni amene anamusiyira makiyi. Ndinamugulira pepala la pulasitiki lofunditsa bokosilo. Mvula ikubwera mwezi wa mawa.

Ine wanu,
Mdzukulu wa mtchona, ku Dedza