Kalata ya Abusa pa za Abale Athu Odwala Sitiroko

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Mvano, achinyamata ndi akhristu a m'milaga yonse,

Mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu ukhale nanu.

Mwezi watha tinaika m'manda mmodzi wa ife. Pamaliro paja ambiri mumati yawatenga ndi sitiroko, koma si zoona. Sitirokoyo anapulumuka, ndipo kuchipatala anatuluka akudya, akuzindikira anthu. Chinawapha ndi zilonda za kumsana ndi chibayo, ndipo zonsezi zinayambira pamphasa m'nyumba mwawo, ife tili pafupi. M'milaga yathu muli ena amene akugona chimodzimodzi, ndipo kutentha kwa Okutobala kwafika. Zimene ndikulemba pano tagwirizana ndi anamwino komanso alangizi a zaumoyo amene timapemphera nawo. Muziwerenge m'mlaga uliwonse.

Tchimo lathu ndi ili: timasiya odwala. Sabata yoyamba timadzaza khonde, timaimba, timapemphera, tisiya ka shuga ndi buledi. Ikafika sabata yachitatu palibe amene akuponda pakhomopo. Munthu uja wasiyidwa kuchipinda chamkati, chitseko chotseka, malata akuwotcha, onse apita kudimba kapena ku ganyu ya nzimbe, ndipo womuyang'anira ndi mdzukulu wa sitandade 6 amene tamuchotsa kusukulu. Tikakumana ndi achibale pamsika timangofunsa kuti "adzuka bwanji?", iwo nati "ali choncho", basi nkhani yathera pomwepo. "Mukani ndi mtendere, mukafunde ndi kukhuta, osawapatsa iwo zosowa za pathupi, kupindula kwake n'chiyani?" (Yakobo 2:16). Sindikunena banja limodzi. Ndikunena mpingo wonse, kuyambira akulu.

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena ukaphulika. Mukudziwa ngalande za m'minda ya nzimbe ku Nchalo: ngalande ikatsekeka, munda umene umamwa kuchokera m'menemo umafota. Mbali ya ubongo imene yasowa magazi imaleka kugwira ntchito, ndipo ikakhala ya kumanzere ziwalo zimafa kumanja, kawirikawiri pamodzi ndi kulankhula. Chachikulu chimene chimayambitsa ndi BP yokwera, kenako shuga, fodya ndi mowa. Si ufiti, si kukhwima, si kuti wina waponda mankhwala panjira. Amene mukuloza chala agogo kapena apongozi, lekani. Ndipo mudziwe kuti ubongo umaphunziranso, makamaka m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira. Miyezi imeneyi ndi yomwe ife timataya powagoneka odwala kuti "apumule".

Ndiyambe ndi zilonda, chifukwa ndi zimene zatilanda m'bale wathu. Munthu wabwinobwino amatembenuka yekha ngakhale ali m'tulo. Wofa ziwalo sangathe, ndipo nthawi zina samva kuwawa kumbali yofayo. Fupa likapanikiza khungu pamphasa kwa maola angapo, magazi amaleka kufikapo pang'onopang'ono mpaka mnofu umafa kuyambira mkati. Thukuta ndi mkodzo zimafewetsa khungulo, ndiye kuno kwathu m'nyengo ino chilonda sichichedwa. Mankhwala ake ndi manja anu: atembenuzeni maola awiri aliwonse, kumanja, chagada, kumanzere, ndipo usiku musawasiye mbali imodzi mpaka kuche. Tcherani alamu pa foni. Potembenuza musawakhwekhwereze pamphasa, khungu limasupuka. Yalani chitenje pansi pawo kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, anthu awiri agwire uku ndi uku, munyamule. Akagona chammbali ikani mtsamiro pakati pa mawondo ndi wina kumsana. Akagona chagada ikani nsalu yopinda pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere osakhudza pansi.

Powasambitsa tsiku lililonse yang'anani kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno, zidendene, akakolo, zigongono ndi mapewa. Pakhungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho funani malo amene ada kuposa pena, onyezimira, otentha kapena olimba mukakhudza. Pamenepo musatikite, ndipo asagonerepo mpaka pabwerere. Ngati patseguka kale, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira, lita imodzi mutathiramo masipuni aang'ono awiri a mchere, muphimbe ndi nsalu yoyera yochapa ndi kusita, ndipo muwadziwitse azaumoyo. Phulusa, mankhwala otsukira m'mano, ufa wa makapisozi, zonsezi ayi. Chilonda chikayamba kununkha, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha, ulendo wa kuchipatala ndi tsiku lomwelo. Pepala la pulasitiki loteteza matiresi ndi labwino, koma pamwamba pake pakhale nsalu, ndipo nsalu ikanyowa musinthe nthawi yomweyo, mupukute bwino, mupake Vaseline pang'ono. Masana atulutseni akakhale pampando pamthunzi pomwe pakupita mphepo, usiku agone m'neti.

Chibayo chija chimalowera pa sipuni. Sitiroko imafooketsa minofu yomezera, ndiye chakudya ndi madzi zimasochera n'kulowa m'mapapo. Musadyetse munthu atagona, kapena akusinza. Akhale tsonga, mutu usagwere kumbuyo, chibwano chitsike pang'ono. Gwiritsani sipuni yaing'ono, ikani chakudya kumbali yabwino ya kamwa, dikirani ameze musanapereke china, ndipo musamawalankhulitse chakudya chili m'kamwa. Zimene zimatsamwitsa kwambiri ndi zamadzimadzi monga tiyi ndi madzi, chifukwa zimathamanga kukhosi munthu asanakonzeke. Phala lokhuthala lothira nsinjiro, mbatata kapena dzungu lopota, nthochi yokanya, nsima yofewa ndi msuzi wa nyemba, izi zimatsika bwino. Nsomba muichotse minga yonse. Akatha kudya yang'anani m'tsaya lakufalo, chifukwa chakudya chimabisala m'menemo iwo osamva, tsukani m'kamwa, ndipo akhalebe tsonga mphindi 30. Mukaona akutsokomola pa kumeza kulikonse, misozi ikutuluka, kapena mawu akumveka a madzi kukhosi, imani. Musakakamize, kafotokozeni kuchipatala.

Pali chizolowezi china choipa: kuwamana madzi kuti asamakodze pogona. Kutentha kwa kuno kumafika madigiri 40, ndipo munthu wosamwa amafooka, amasokonezeka mutu, amadzimbidwa. Apatseni pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo ngati madzi akuwatsamwa, akhale phala lamadzi lokhuthalako. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi akuchepa m'thupi.

Mkono wakufa musaukoke. Phewa limagwiridwa ndi minofu, ndipo minofu ikafooka fupa la mkono limatsika n'kuchoka m'malo mwake. Mukadzutsa munthu pokoka dzanja kapena pomugwira m'khwapa, mwamupatsa ululu wa miyezi yambiri. Akakhala pansi mkonowo ukhale pamtsamiro kapena patebulo, usalendewere. Povala yambani ndi mkono wakufa, povula yambani ndi wabwino. Kawiri pa tsiku pindani ndi kuwongola chigongono, dzanja, zala, bondo ndi kakolo, kakhumi paliponse, mofatsa, ndipo pamene ayamba kumva kuwawa muimire pomwepo. Mukapanda kutero ziwalo zimauma zitapindika, zala zimafumbata mpaka zikhadabo kuboola chikhatho. Iwonso aphunzire kulukanitsa zala za manja onse awiri n'kumakweza mkono wofooka ndi wabwino. Kuthowa ndi madzi otentha ndi kuwakhazika pafupi ndi mbaula kwapsereza ambiri, popeza mbali imeneyo samva kutentha. Madzi osamba muziyamba mwayesa ndi dzanja lanu. Mphini sizidzutsa mkono, zimangotsegula njira ya matenda ena.

Kudzuka pamphasa pansi n'kovuta ngakhale kwa wamphamvu. Pakhale bedi kapena thandala lofika m'mawondo. Poimiritsa, akhale m'mphepete, mapazi onse aponde pansi, mumange chitenje m'chiuno mwawo chogwirira, inu muime kutsogolo bondo lanu litatchinga bondo lawo lofooka, aweramire kutsogolo, muwerenge limodzi mpaka katatu. Poyenda, ndodo ikhale m'dzanja labwino ndipo wothandiza aime kumbali yofooka. Pokwera khonde utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wofooka. Anyamata akhoza kuzika mitengo pabwalo n'kumangapo nsungwi ziwiri zolimba zofika m'chiuno, kuti odwala aziphunzira kuyenda atagwira uku ndi uku. Mpando wakale wobooledwa pakati ndi ndowa pansi umathetsa vuto la chimbudzi chokhala chonjuta. Zimene angathe kuchita okha, monga kusukusula, kugwira kapu, kutola nyemba, asiyeni achite ngakhale achedwe. Kuwachitira zonse n'kuwalemalitsa. A mafizo akakupatsani tsiku musaliphonye, ndipo mufunse ngati angakutumizeni ku Kachere ku Blantyre, kumene amaphunzitsa anthu otere kuyendanso.

Amene mawu anatsekeka sanapenge. Ambiri amamva zonse zimene mukunena, ndipo ena a inu mwakambirana za maliro awo ndi za munda wawo iwo ali pomwepo. Zimenezi ndi nkhanza. Akadali bambo a pakhomo, akadali mayi a pakhomo. Lankhulani nawo mmodzimmodzi, mwachidule, mafunso oyankha eya kapena ayi, ndipo muwapatse nthawi. Ena amene satha kulankhula amatha kuimba, choncho imbani nawo nyimbo za m'buku zimene anazizolowera. Akamalira kapena kuseka popanda chifukwa, ndi matendawo. Akayamba kukana chakudya n'kumati bola kufa, musangodzudzula, uzani achipatala ndipo mundiuze inenso.

Mankhwala a BP sasiyidwa. Si a malungo oti ukatha mapilitsi wachira. Amamwa tsiku lililonse ngakhale akupeza bwino, ndipo amene anadwalapo sitiroko akhoza kudwalanso, yachiwiriyo n'kukhala yoopsa kuposa yoyamba. Aliyense amene angakuuzeni kuti kumwa mankhwala n'kusakhulupirira, mawu amenewo sanachokere ku mpingo uno. Tipemphera, ndipo amwa mankhwala. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga apitirize. Asipirini musangogula pagolosale, chifukwa ngati mtsempha unachita kuphulika amawonjezera kutaya magazi. Apereke ndi adokotala. BP iziyezedwa kawirikawiri ndipo izikhala pansi pa 140/90. Mchere wa munthu mmodzi tsiku lonse usapitirire sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo. Soda wa m'therere ndi timachubu tokometsera ndiwo nazonso zimakweza BP, ndipo nsomba yamchere muziyamba mwaiviika n'kutaya madziwo. Mukaona kamwa yapotoka, mkono wagwa kapena lilime lalemera mwadzidzidzi, ngakhale zitasiya zokha patapita mphindi zochepa, musayambe mwaitana ine. Pezani galimoto kapena njinga yamoto, mupite kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Ngabu, ku Nchalo, ku Muona, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo panjira musawamwetse kanthu.

Tsopano werenganinso zonsezi, mundiuze ngati mayi mmodzi angazithe yekha usana ndi usiku, akutunganso madzi ndi kusaka ndiwo. Sangathe. Msana umathyoka, mtima umatopa, ndipo wotopa ndi amene amayamba kukalipira wodwala. Wodwala manjenje uja anafika kwa Yesu "wonyamulidwa ndi anthu anayi" (Marko 2:3). Wa pa thamanda la Betesda anati, "Ambuye, ndilibe wondiviika ine m'thamanda" (Yohane 5:7). Mawu amenewa asamveke m'mudzi momwe muli mlaga wathu. Abambo, ndikunena ndi inu makamaka. Mwana wamkazi sangasambitse bambo ake, mukudziwa, komabe ntchito yonseyi mwaitayira amayi a Mvano. Bambo mnzanu akagona, kumusambitsa, kumumeta ndi kumunyamula ndi ntchito yanu. Inu ana amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, ndalama ya pa foni ikufika ndipo tikuthokoza, koma muzibwera kudzalandira mlongo wanu apumeko. "Koma ngati wina sadzisungira mbumba yake ya iye yekha, makamaka iwo a m'banja lake, wakana chikhulupiriro" (1 Timoteo 5:8). Ndipo mwana aliyense amene wachotsedwa kusukulu chifukwa cha matenda abwerere Lolemba.

Mkulu wa mlaga uliwonse abweretse mayina a odwala onse ogona Lamulungu likudzali, pamodzi ndi mayina a anthu anayi pa wodwala aliyense, abambo awiri ndi amayi awiri, amene azisinthana masiku. Osapita kukacheza chabe: mukafika mutembenuze, muchape, mutunge madzi, wosamalirayo akagone. Anthu omwewo ndi amene adzanyamule wodwalayo madzi akadzasefukira. Tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, kuti madzi sadikira woyenda ndi ndodo, choncho gwirizanani mvula isanayambe kuti mudzapita naye kuti, pa ngolo ya yani, ndipo buku la kuchipatala ndi mankhwala zizikhala m'jumbo pamalo okwera.

Loweruka la sabata yamawa, 8 koloko m'mawa, anamwino athu adzaonetsa katembenuzidwe ndi kanyamulidwe m'tchalitchi, ndipo adzayeza BP aliyense kwaulere. Bwerani ndi chitenje ndi mtsamiro. Tikufunanso kugula makina awiri oyezera BP, matiresi, sopo, magolovesi ndi Vaseline. Banja lililonse lipereke K2,000 kwa msungichuma pofika kumapeto kwa mwezi, ndipo amene alibe ndalama abweretse mapira, nyemba, nkhuni kapena nsungwi. Akalipentala athu aonane ndi mlembi wa mpingo za mipando ndi ndodo. Mgonero wa Ambuye tidzawapititsira odwala m'makomo mwawo sabata yoyamba ya Novembala.

Chisomo cha Ambuye Yesu Khristu chikhale ndi inu nonse.

Ine mbusa wanu.