Usananyamuke ku Mzuzu ndi kagalimoto kako

Chilomoni, Blantyre

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, iwe, apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tilipo, mvula yayamba ndipo anthu adzala. Mayi ako akuti Khirisimasi ino simukwera basi, mubwera pa Vitz mwagulayo. Ndakondwera nazo. Komabe ndati ndikulembere, chifukwa kuzungulira m'tauni ya Mzuzu n'kwina, kudula makilomita pafupifupi 670 ndi injini ya lita imodzi, ana ali kumbuyo, n'kwinanso.

Yamba ndi masamu. Thanki ya Vitz imalowa malita 42. Galimotoyo ikamayenda makilomita 15 pa lita, ulendo wobwera kuno udya malita 45. Ikamayenda 12 pa lita, udya 56. Kusiyana kwake ndi malita 11, ndipo ukaphatikiza ulendo wobwerera akwana 22, theka la thanki. Msewu ndi womwewo, galimoto ndi yomweyo. Chimene chimasiyanitsa ndi phazi la woyendetsa, katundu amene wasenzetsa, ndi mpweya wa m'matayala.

Kuti udziwe mmene yako ikumwera, usadalire manambala amene unawaona pa intaneti poigula. Amene aja anayezera ku Japan, galimoto ili yatsopano, ndipo petulo wathu kuno amamusakaniza ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene lita yake mphamvu imacheperapo poyerekeza ndi petulo weniweni. Dziyezere wekha. Thira mpaka pampu idule yokha, bweza kawerengero ka TRIP pa 0, yenda mpaka thanki ifike pa theka, thiranso mpaka idule, kenaka gawa makilomita wayendawo ndi malita walowetsa kachiwiriwo. Pampu ikadula, basi. Zogwedeza galimoto kuti alowe ena mpaka pakamwa uzikane, chifukwa petulo akatentha amafufuma n'kulowa m'njira ya nthunzi, mosayenera kulowa zamadzi.

Nkhani yaikulu ndi liwiro. Galimoto ikamathamanga imalimbana ndi mphepo, ndipo mphepoyo sikula mofanana ndi liwiro ayi: ukawirikiza liwiro kawiri, iyo imakukankha kanayi. Kuchoka pa 90 kufika pa 120, kukankhako kumatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Galimoto ya injini yaikulu imabisa zimenezi, koma kainjini ka masilinda atatu kamangolira, mafuta akupita. Ndiye uone phindu lake: makilomita 100 pa liwiro la 90 ndi mphindi 67, pa 110 ndi mphindi 55. Mphindi 12 zimenezo zikathera pa mahampu a pa Jenda kapena kumbuyo kwa thiraki ya matabwa ku Chikangawa. Pamene msewu uli bwino ndipo zikwangwani zikulola, khala pakati pa 80 ndi 90. Pamisika ya m'mbali mwa msewu, ngati pa Mponela kapena pa Lizulu, tsika pa 50 kapena kuchepera, osati chifukwa choopa apolisi a kamera okha, koma chifukwa pamenepo ana, njinga za kabaza ndi mbuzi zimadumpha msewu osayang'ana.

Phazi lako likhale lofatsa. Buleki iliyonse yodzidzimutsa ndi mafuta amene unawotcha kale ukuwataya. Yang'ana kutali. Ukaona hampu, zipata za apolisi kapena thiraki ikukwawa kutsogolo, chotsa phazi pamoto mtunda ukadalipo, galimoto izichepetsa yokha. Pochoka, ponda pang'onopang'ono. Giyabokosi yako yosintha magiya yokha, ya mtundu wa CVT, ukaiponda mwamphamvu imakweza kulira kwa injini msanga pomwe liwiro likubwera mochedwa, ndipo phokoso limenelo ndi ndalama. Pachikweza, tenga kaliwiro usanayambe kukwera, kenaka lola liwiro litsikeko mpaka 60 kapena 70 m'malo mokakamira 90. Kudutsa thiraki pachikweza ndi galimoto yodzaza usayese n'komwe. Kagalimoto kako kamafuna mtunda wautali kuti kamalize kudutsa, ndipo woyendetsa basi akubwera kutsogoloyo sakudziwa zimenezo.

Pali bodza limodzi lofala pakati pa oyendetsa, lakuti pamtsetse uziika giya pa N kuti usunge mafuta. Injini za masiku ano, ukachotsa phazi pamoto giya ili m'malo mwake, kompyuta imatseka mafuta, matayala ndiwo amazunguza injini. Ukaika pa N, injini imafunanso mafuta kuti isazime, ndipo kulemera konse kwa galimoto kumatsalira mabuleki. Mabuleki akatentha kwambiri amasiya kugwira, chopondera chimafewa ngati siponji, fungo lopsa limalowa m'kati. Potsika kuchokera ku Chikangawa, ndi potsika kuchokera kumapiri a Dedza ndi Ntcheu kulowera kuchigwa cha Shire, giya ikhale pa D, ndipo pamene patsetsereka kwambiri uike pa S kapena pa B kuti injini ikugwirire. Buleki uziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya, osati kugonekapo phazi mtunda wonse.

Tsopano katundu, ndipo apa ndikudziwa kuti pakhala kukambirana ndi apongozi anga. Galimoto ngati yakoyo imaloledwa kunyamula pafupifupi makilogalamu 400, kuphatikiza anthu. Akuluakulu asanu olemera 70 aliyense akwana kale 350, thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 lamaliza. Ukapitirira apo, kumbuyo kumakhala pansi, mashokapu amagunda pa dzenje lililonse, matayala amatentha, magetsi amaloza m'mwamba n'kuthobwa anzako m'maso, ndipo mtunda woimira umatalika. Achibale opempha malo adzakhalapo, koma awiri ndi ana anu mwakwana. Zolemera uziike pansi m'buti, zitatsamira mpando wakumbuyo, zopepuka pamwamba, osafika potseka galasi lakumbuyo. Padenga usamangepo kanthu. Chikwama kapena thumba la makala padenga limagwira mphepo ngati thanga la bwato, ndipo kaliyala ngakhale yopanda kanthu imadyetsa mafuta. Kabichi ndi tomato wa pa Lizulu gulani wokwana m'kathumba, mbatata ya kachewere ya pa Tsangano ndowa imodzi yakwana. Chimanga kuno chilipo.

Matayala uwayeze m'mawa asanatenthe. Muyezo wake walembedwa pa kapepala komatidwa pachipilala cha chitseko cha woyendetsa, m'manambala a kPa. Pa magalimoto aang'ono umakhala cha m'ma 220 mpaka 240, kutanthauza 2.2 mpaka 2.4 pa geji ya bar, kapena 32 mpaka 35 pa geji ya psi. Tsatira zimene zalembedwa pa yako, osati za mnyamata wopopa amene amayeza ndi chala. Tayala losakhuta limapindika m'mbali likamazungulira, limatentha, limadyetsa mafuta, ndipo likagunda dzenje limatumphuka chotupa kapena kupinditsa rimu. Ukayeza panjira n'kupeza mpweya wakwera, usaphwetse, ndi kutentha chabe. Yang'ananso zinthu ziwiri zimene ambiri ogula magalimoto a ku Japan saziona. Choyamba, m'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka limene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi, makamaka ngati layamba ming'alu m'mbali, n'lokalamba ngakhale mano akuoneka. Chachiwiri, ngati palembedwa STUDLESS, amenewo ndi matayala a m'chipale, labala yake ndi yofewa, pa tala wotentha amatha msanga ndipo pamvula galimoto imachedwa kuima. Asinthe usananyamuke. Sipeya yaing'ono ija imafuna 420 kPa ndipo siyenera kupitirira liwiro la 80. Ntchito yake n'kukufikitsa pokonzetsa, osati ku Blantyre. Jeke ndi sipanala yake uziyese pakhomo, pasadzapezeke kuti boliti imodzi siikumasuka uli pakati pa nkhalango ya paini.

Kwa makaniko upite kutatsala sabata, osati mawa lake ukunyamuka, kuti ngati wasiya china chosamanga bwino chionekere m'tauni. Oyilo akhale wa muyezo wolembedwa m'buku la galimotoyo, 0W-20 kapena 5W-30. Wokhuthala wa 20W-50 amene ena amathira mu chilichonse amalemetsa injini yaing'ono. Fyuluta ya mpweya uitulutse, uiyang'anitse kudzuwa: ngati kuwala sikudutsa, fumbi la chilimwe laitseka, gula ina. Mapulagi otha amachititsa injini kunjenjemera ndi kumwa mopitirira. Mu giyabokosi asathiremo ATF, mafuta wamba a magiyabokosi a otomatiki, CVT ili ndi mafuta akeake, ndipo kulakwitsa apo n'kugula giyabokosi ina. Mu radiyeta mukhale kulanti, mankhwala oziziritsa injini, osati madzi a pampopi amene amadzetsa dzimbiri. Vitz zambiri zilibe muvi wosonyeza kutentha, zili ndi kanyale chabe. Kakayaka kofiira, ima pomwepo, zimitsa injini, ndipo chitsekero cha radiyeta usachikhudze mpaka izizire. Mawaipa akhale atsopano, ino ndi nyengo ya mvula.

Za eyakoni anthu amakangana, koma nkhani yake ndi yaifupi. M'tauni ndi pa liwiro lochepa, tsegulani mawindo. Mukapitirira 80, tsekani, yatsani eyakoni, dinani batani lozunguza mpweya wa m'kati kuti isavutike kuziziritsa wotentha wa panja. Mphindi zingapo pa ola lililonse muzilowetsa mpweya watsopano, chifukwa wobwerezabwereza umagonetsa. Pachikweza chachitali, kapena ukafuna kudutsa galimoto ina, izimitse kaye, kainjini kapezeko mphamvu. Ku Chikangawa ndi ku Dedza kukachita nkhungu magalasi n'kuchita nthunzi, eyakoni yomweyo ndi imene imaumitsa galasi msanga.

Thupi lako nalonso lifuna kukonza. Kokera mpando mpaka bondo likhale lopindika pang'ono ukaponda buleki mpaka pansi. Msana wa mpando uimirire, upendekere kumbuyo pang'ono chabe, ndipo ukatambasula mkono, polumikizira dzanja pazifika pamwamba pa chiwongolero mapewa osachoka pampando. Chotsamira mutu chifike pamwamba pa mutu wako. Mipando ya magalimoto aang'ono siigwira bwino m'chiuno, ndiye pinda kathawulo uike pamenepo. Chikwama cha ndalama chichoke m'thumba lakumbuyo, kukhalira maola ambiri kumachititsa dzanzi mwendo. Imani pakatha maola awiri aliwonse, mphindi 15, aliyense atsike ayendeko: pa Jenda, pa Kasungu, mu Lilongwe, pa Dedza kapena pa Ntcheu. Nsima yambiri masana imabweretsa tulo, idya pang'ono, imwa madzi pafupipafupi. Ukayamba kuyasamula kawirikawiri, kapena ukazindikira kuti sukukumbukira makilomita angapo wadutsawo, patuka ugone mphindi 20. Kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthetsa tulo.

Ana akhale kumbuyo, aliyense pa lamba wake, wamng'onoyo m'kampando kake. Pamiyendo ayi, kutsogolo ayi, chifukwa chikwama cha mpweya chotuluka pangozi chija chimaphulika ndi mphamvu yoti mwana sangaipirire. Amene amachita nseru akhale poti aziona msewu kutsogolo, asamagwire foni, ndipo musamudyetse zamafuta musananyamuke. Chitenje chopachika pa windo lakumbuyo, mbali yomwe kuli dzuwa, chimathandiza, bola chisakutsekere poonera.

Mafuta usadikire kanyale kuyaka. Pampu ya mafuta ili m'kati mwa thanki ndipo imazizira ndi petulo yemweyo, ndiye kuyenda thanki ili pansi kumaifupikitsira moyo. Nyamuka ku Mzuzu itadzaza, udzazenso mu Lilongwe ngakhale muvi ukuoneka kuti ukadali bwino. Ukamva kuti mafuta akusowa, thira paliponse wawapeza, pa Kasungu pomwe. A m'zigubu a m'mbali mwa msewu sudziwa chimene asakanizamo, ndipo madzi kapena palafini akalowa, kukonza pampu ndi manozo kumaposa zimene unafuna kupulumutsa. Chigubu cha petulo m'kati mwa galimoto yopanda buti yotsekeka payokha, momwe ana akupuma, usaikemo. Mukaima kupitirira mphindi imodzi, zimitsa injini. M'mawa sipafunika kuitenthetsa nthawi yaitali, iyatse, umange lamba, uyambe kuyenda pang'onopang'ono.

Ulendo wonsewu, ndi zoimaima, ndi wa maola khumi kapena kuposa. Kukanakhala kwa ine, bwenzi mutagona ku Lilongwe n'kumaliza mawa lake. Ngati mwatsimikiza za tsiku limodzi, nyamukani kukungocha, ndipo apongozi anga akulandireko chiwongolero ngati ali ndi laisensi. Mdima usakupezeni pakati pa Phalula ndi Lunzu. Chigawo chimenecho chimabwera thupi litatopa kale, njinga zambiri zilibe nyale, oyenda pansi ali m'mphepete, ndipo thiraki yowonongeka nthawi zina chizindikiro chake ndi nthambi zoponya pamsewu basi. Dzuwa likakulowerani mukadali ku Ntcheu, gonani komweko, ife sitidandaula.

Ndalama za pa zipata zolipira za Kalinyeke ku Dedza ndi Chingeni uziike padera, pafupi ndi dzanja. Laisensi, COF ndi inshuwalansi uone masiku ake lero, matirayango awiri ndi chozimitsira moto zikhale posavuta kutulutsa, osati pansi pa zikwama zonse.

Mukawoloka mlatho wa Zalewa, apongozi anga aimbe foni, mayi ako atereke madzi a nsima. Iwe usagwire foni. Upereke moni kwa onse kunyumbako, adzukulu uwauze kuti mango apsa.

Ndine bambo ako.