Lipoti la msonkhano wa mabakiteriya okhala m'kati mwa nyongolotsi, udzudzu ndi kashembe

A Wapampando ndi alangizi a zaumoyo anzanga nonse,

Ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma kukakhala nawo mumzinda wa Zomba, komwe kunasonkhana ochita kafukufuku, aphunzitsi a sayansi ya zamoyo ndi ogwira ntchito m'zipatala. Mutu unali wa mabakiteriya amene amakhala m'matupi a tizilombo touluka ndi a nyongolotsi zoyambitsa matenda, ndi mmene mabakiteriyawo amasinthira chitetezo cha m'thupi, cha kachilombo kamene kawasunga komanso cha munthu amene wadwala. Zokambidwa zinali zambiri, koma ndakhazikika pa zimene zikukhudza ntchito yathu ya m'midzi.

Bakiteriya amene anatenga nthawi yaitali ndi Wolbachia, amene Marshall Hertig ndi Simeon Burt Wolbach anamupeza mu udzudzu wa mtundu wa Culex m'chaka cha 1924. Sangakhale payekha kunja kwa maselo a chamoyo china, ndipo amachoka kwa mayi kupita kwa ana kudzera m'mazira. Amapezeka m'mitundu yochuluka ya tizilombo touluka, komanso mu nyongolotsi ziwiri zimene ife tikuzidziwa bwino. Yoyamba ndi Wuchereria bancrofti, imene imafalitsidwa ndi udzudzu n'kutupitsa miyendo kapena kuyambitsa phudzi kwa abambo. Yachiwiri ndi Onchocerca volvulus, imene imafalitsidwa ndi ntchentche zazing'ono zakuda zoswana m'mitsinje ya madzi othamanga, monga m'madera ena a Thyolo, Mulanje ndi Mwanza, ndipo imayabwitsa thupi koopsa n'kutha kumuchititsa munthu khungu.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsetse, chifukwa ndi pamene panandikhudza kwambiri. Ambiri a ife tinaphunzira kuti nyongolotsi ndiyo imawononga thupi, koma kafukufuku wasonyeza kuti gawo lalikulu la kutupa ndi kutentha thupi limachokera ku mmene chitetezo chathu chimalimbanirana ndi bakiteriya amene ali m'kati mwa nyongolotsiyo. Ana a nyongolotsi akafa, Wolbachia amatayikira m'thupi la munthu, maselo a chitetezo amamuzindikira kuti ndi mdani, ndipo maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil amathamangira pamalopo ochuluka. Zimenezi zikachitika m'diso mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, galasi la kutsogolo kwa diso limachita zipsera mpaka munthu kusiya kuona. Kafukufuku wa pa mbewa amene anasindikizidwa m'chaka cha 2002 anasonyeza kuti madzi otengedwa ku nyongolotsi zimene zinachotsedwa Wolbachia sanatupitse diso kwambiri ngati madzi a nyongolotsi zimene zinali naye. Kutentha thupi kumene anthu ena amadandaula nako atangomwa mankhwala opha ana a nyongolotsi kumagwirizananso ndi kutayika kwa bakiteriyayu m'magazi, ndipo ndinaona kuti mfundo imeneyi ingatithandize kuwafotokozera anthu moona mtima m'malo mongowauza kuti apirire.

Chodabwitsa china n'chakuti maselo a neutrophil amene azungulira nyongolotsi yaikulu m'chotupa cha pansi pa khungu amakhala ngati mpanda wake, chifukwa amatsekereza maselo a eosinophil amene ndiwo ali ndi mphamvu yopha nyongolotsi. Izi zinaoneka bwino pa ng'ombe za ku Cameroon zimene zimagwidwa ndi nyongolotsi ya mtundu wofanana nayo, kuti bakiteriya atachotsedwa, ma eosinophil anafika pa nyongolotsi n'kuyamba kuiwononga.

Popeza nyongolotsizi sizingabereke kapena kukhala moyo wautali popanda Wolbachia, madokotala anayesa kupha bakiteriya m'malo molimbana ndi nyongolotsi yeniyeniyo. Mankhwala a doxycycline akamwedwa tsiku lililonse kwa milungu 4 mpaka 6 amachititsa nyongolotsi yaikazi kusabereka, kenako imafa pang'onopang'ono. Mankhwala a Mectizan amene amagawidwa m'midzi amapha ana a nyongolotsi okha, pamene nyongolotsi yaikulu ya Onchocerca imatha kukhala m'thupi mpaka zaka 15, n'chifukwa chake kugawako kumabwerezedwa chaka ndi chaka. Koma doxycycline saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 8, ndiponso n'kovuta kuti mudzi wonse umwe mankhwala kwa mwezi wathunthu osadumphitsa. Ku sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine, ku England, akhala akufunafuna mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo m'masiku ochepa.

Mmodzi mwa anzathu anafunsa ngati njira imeneyi ingathandize pa likodzo, limene likuvutitsa ana ndi asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Yankho linali lakuti ayi, chifukwa nyongolotsi za likodzo zilibe Wolbachia, ndipo mankhwala ake akadali praziquantel. Ndikutsindika zimenezi chifukwa ndikuopa kuti nkhaniyi ikamveka mwatheka, anthu ayamba kugula makapisozi pamsika n'kumamwa pa vuto lililonse la nyongolotsi, zimene zingangochititsa kuti mabakiteriya ena asiye kumva mankhwala.

Pa udzudzu nkhani yake ndi yotembenuka, pakuti kumeneko asayansi akumuika dala Wolbachia. Udzudzu wa Aedes aegypti, umene umafalitsa mavairasi oyambitsa matenda a dengue ndi chikungunya, mwachibadwa sukhala ndi Wolbachia. Atauika bakiteriya wotengedwa ku ntchentche ya zipatso, anapeza kuti mavairasi akulephera kuchulukana m'thupi mwake, mwina chifukwa chitetezo cha udzudzuwo chimakhala chodzuka kale, komanso chifukwa bakiteriya ndi vairasi amalimbirana mafuta a m'maselo. Udzudzu wotere unatulutsidwa koyamba ku Cairns m'dziko la Australia mu 2011, ndipo ku Yogyakarta m'dziko la Indonesia zotsatira za mu 2021 zinasonyeza kuti odwala dengue anachepa ndi 77 pa 100 aliwonse. Tisasokoneze ndi malungo, amene amafalitsidwa ndi udzudzu wa Anopheles, choncho uthenga wathu wogona m'masikito sukusintha.

Za kashembe, wofalitsa kaodzera ku Nkhotakota ndi Rumphi, zinakambidwa mwachidule. Ali ndi bakiteriya wakewake, Wigglesworthia, amene amamupatsa mavitamini osowa m'magazi amene amayamwa, ndipo kashembe wokula popanda bakiteriyayu amakhala ndi chitetezo chofooka n'kugwidwa mosavuta ndi tizilombo ta kaodzera.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2020 kuti Malawi wathetsa matenda otupitsa miyendo monga vuto la umoyo wa dziko, komabe amene miyendo inatupa kale akadali nafe, ndipo kwa iwo zilonda zazing'ono zolowetsa mabakiteriya wamba ndizo zimadzutsa kutentha thupi ndi kuwonjezera kutupa. Ndikupempha, a Wapampando, kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tipatule nthawi yoti aliyense anene odwala otere amene ali m'dera lake, tigwirizane mmene tingawayendere ndi kuwaphunzitsa kutsuka miyendo ndi sopo tsiku lililonse, ndiponso mmene tingatumizire abambo a phudzi kuchipatala kuti akachitidwe opaleshoni.

Ine nthumwi yanu.