Njuchi zapa Soweto Market sizinapenge

A Mkonzi,

Ndimve nao anthu pa Soweto Market akudandaula ati njuchi zavuta, zikungounjikana pa mabotolo a zakumwa ndi pamakoko a chinanazi, ena mpaka akuzipopera mankhwala. Chonde tisatero.

Njuchi imasankha, sikuti imangotera paliponse. Timadzi ta m'maluwa timakhala ndi shuga wamitundu itatu, sucrose, glucose ndi fructose, ndipo njuchi ya uchi imakonda kwambiri sucrose, yemweyu wa nzimbe timathira mu tiyi uja. Ikapeza timadzi ta shuga wochepa imadutsa, chifukwa kumng'oma ziyenera kukupiza mapiko kuumitsa timadzito mpaka madzi atsale pafupifupi 20 peresenti kuti ukhale uchi, ntchito yaikulu zedi, nde ikapeza potsekemera bwino imabwerera nkukavina kuuza anzake komwe kuli chakudya, nchifukwa chake mumaona imodzi kenako gulu.

Chondiwawa ine ndi malasha. Mitengo ya miombo yomwe maluwa ake amadyetsa njuchi ku North-Western Province kochokera uchi wabwino, kuno kozungulira Lusaka ikuthera m'matumba. Zidya chani nanga? Amalonda ingovindikirani zotsekemerazo, mankhwalawo asiyeni.

Wowerenga wanu,
Chawama, Lusaka